Kodi Akuluakulu Amamvanji m'Nyimbo Zakale za pa Wailesi?

Anzanga nonse amene munali m'holo Loweruka lachitatu la teremu yatha mukumbukira chimene chinachitika usiku umenewo. Aphunzitsi amene analikutiyang'anira sabata imeneyo anapita kwa mnyamata woika nyimbo, nampempha kuti awaikireko nyimbo imodzi yokha ya kumtima kwao. Itangoyamba nyimboyo phokoso linabuka m'holo monse. Ena anaimba likhweru, ena anamenya mabenchi, ndipo ambiri tinakuwa kuti, "Zachikale izo! Chotsani!" Ndati tinakuwa chifukwa inenso ndinali momwemo, sindibisa ai. Aphunzitsi aja sanakalipe. Anangokweza dzanja kuti nyimbo ichotsedwe, natuluka kukaima pakhonde. Nyimboyo inali "Hey Jude" ya The Beatles, imene inatuluka m'chaka cha 1968.

Usiku umenewo tulo tinandibvuta. Chimene chinandisautsa ndi nkhope imene aphunzitsi anali nayo m'kanthawi kaja nyimbo isanachotsedwe, pakuti nkhope yotero ndimaidziwa bwino. Ndi yomwe amakhala nayo agogo anga aamuna wailesi ikaika Elvis Presley kapena Cliff Richard. Amasiya chirichonse chimene chiri m'manja, maso amayang'ana patali, ndipo ukawalankhula sakumva. Munthu amene masiku ano amaiwala pamene waika magalasi ake amaimba mau onse a nyimbo ya Chingerezi imene anaiphunzira zaka pafupifupi 60 zapitazo, osadumpha mzere ngakhale umodzi. Pa tchuthi ndinakhala nao pansi masiku angapo ndi kuwafunsa mafunso, ndipo nditabwera kuno ndinafufuzanso m'laibulale ndi pa makompyuta a sukulu. Zimene ndinapeza ndizo ndifuna kukuuzani muno.

Tiyambe ndi kumene nyimbozi zinachokera. Ambiri a ife timangoti ndi nyimbo za Azungu, koma nkhani yake siiri choncho kwenikweni. Mtundu wa nyimbo wotchedwa rock and roll unabadwira ku America nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ndipo muzu wake waukulu ndi maimbidwe a anthu akuda a kumeneko, zidzukulu za akapolo amene anatengedwa kuno ku Africa. Maimbidwe amenewa anasakanizika ndi a Azungu a kumidzi, aja titi country. Chuck Berry, amene anaimba "Maybellene" mu 1955, anali munthu wakuda. Chimodzimodzinso Little Richard wa "Tutti Frutti" ya chaka chomwecho, ndi Fats Domino. Azungu onga Bill Haley wa "Rock Around the Clock" ndi Elvis Presley, amene "Heartbreak Hotel" yake inagwedeza maiko mu 1956, anakapala moto pamene unali utayaka kale, ngakhale kuti Elvis ndiye anadzatchuka kopambana onse. Kuchokera ku America nyimbozi zinaoloka nyanja kunka ku Britain, kumene anyamata a msinkhu wathu uno anayamba kugula magitala ndi kutsanzira. M'menemo munatuluka Cliff Richard ndi gulu lake la The Shadows, kenaka The Rolling Stones a ku London, ndi anyamata anai a ku Liverpool, The Beatles, amene mbale yao yoyamba, "Love Me Do", inatuluka mu October 1962. Gululi linapasuka mu 1970, ndiye kuti zaka zao za kumveka sizinakwane ndi khumi zomwe.

Mwina mwazindikira kuti nyimbo zambiri za nthawi imeneyo ndi zazifupi, mphindi ziwiri kapena zitatu basi. Chifukwa chake ndi mbale. Mbale zakale za galamafoni, zozungulira ka 78 pa mphindi imodzi, zinkanyamula nyimbo ya mphindi ngati zitatu mbali imodzi, ndipo timbale tating'ono tozungulira ka 45, timene kampani ya RCA Victor inayamba kugulitsa mu 1949, sitinapitirire pamenepo kwambiri. A nyumba za wailesi naonso anazolowera muyeso womwewo. Tsono woimba anayenera kugwira mtima wa womvera msanga, analibe nthawi yozungulirazungulira. "Hey Jude" inadabwitsa anthu chifukwa inapitirira mphindi 7. Ife tinaipatsa masekondi osakwana 20.

Nanga zinafika bwanji kuno kwathu, kumene anthu okhala ndi galamafoni anali owerengeka? Zinabwera pa wailesi. Mu 1949, chaka cha njala yaikulu ku Nyasaland, chimenenso agogo anga anabadwa, ku Lusaka kunafika wailesi yotsika mtengo yotchedwa Saucepan Special. Anaipatsa dzina limeneli chifukwa thupi lake linali ngati poto wophikira. Inapangidwa ndi kampani ya Ever Ready ya ku Britain atawapempha Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, ndipo inkagulidwa mapaundi 5, batire lake padera. Nyumba ya wailesi ya ku Lusaka inkaulutsa mau m'Chinyanja ndi zinenero zina mpaka kumveka kuno, ndipo anthu ankakonda zedi pologalamu yake ya "Zimene Mwatifunsa", m'mene munthu ankalemba kalata kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale ake a kutali. Pambuyo pake kunadza timawailesi tonyamula m'manja, ndipo mu 1964, chaka cha ufulu wathu, MBC inayamba nchito yake m'Blantyre. Kwa zaka pafupifupi 30 m'dziko muno munalibe nyumba ina ya wailesi koma yomweyo, ndipo wailesi ya kanema inadzayamba mu 1999. Chimene MBC yaika, ndicho dziko lonse lamva, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje.

Koma anyamata ofuna rock yeniyeni ankasaka kwina. Agogo akamatchula dzina la LM Radio amachita ngati alikutchula bwenzi lao la pamtima. Nyumba ya wailesi imeneyi inali ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo, ndipo inkafuna makamaka achinyamata a ku South Africa, amene wailesi ya boma lao inkawamana nyimbo zotere. Mu 1966 wailesi ya bomalo inafika poletseratu nyimbo za The Beatles. LM Radio inatsekedwa mu October 1975, patapita miyezi yochepa Mozambique italandira ufulu wake.

Ulendo wa ku Maputo ndi wautali, tsono mudzafunsa kuti mau ankafika bwanji kuno. Aphunzitsi a sayansi adzandikonza ngati ndalakwitsa. Mafunde a FM amene timamvera masiku ano amayenda molunjika, sapita kutali, ndipo phiri likhoza kuwatchinga. Mafunde a short wave amakwera m'mwamba mpaka kukagunda muyalo wa mlengalenga wotchedwa ionosphere, nabwereranso pansi kutali kwambiri, monga achitira mpira ukaumenyetsa kudenga mopendekera. Masana dzuwa limachititsa kuti kunsi kwa muyalowo kuzimeza ena a mafundewo, koma usiku kumeneko kumapepuka, ndipo nyumba za wailesi za kutali zimamveka bwino. Popeza muyalowo sukhazikika, mau amakwera ndi kutsika, nthawi zina kuzimiririka ndithu pakati pa nyimbo. Agogo amati akamva "Apache" ya The Shadows pa foni yanga, yomveka bwino lomwe yopanda phokoso, amaona ngati mwasowa kanthu, chifukwa iwo anaizolowera pamodzi ndi mkokomo wake.

Mu 1966 agogo anali ndi zaka 17, monga ndiri ine tsopano, ndipo anali pa sukulu yogonera pomwepo monga ife. M'hositelo yao munali wailesi imodzi yokha, ya mnyamata wina amene atate ake anali ku migodi ya ku Johannesburg. Inali yoletsedwa, choncho masana ankaibisa kudenga. Mabatire ankachita kusonkherana timakobiri, ndipo akafooka ankawayanika padzuwa kuti aimbeko usiku winanso umodzi. Nyali zikazimitsidwa, anyamata khumi ankaunjikana pa bedi limodzi, wailesi m'bulangete. Nyimbo yatsopano ikabwera ankagawana nchito: uyu agwire mzere woyamba, uyo wachiwiri, winayo wachitatu, pakuti nyimbo ikapita yapita, ndipo kuti ibwerenso mwina mpaka sabata yamawa. Kukacha ankaphatikiza mizereyo m'kope limodzi ndi kutsutsana za mau amene sanamveke bwino. Kope limenelo agogo akali nalo mpaka lero, mapepala ake ofiira ndi ukalamba. Mau ena analembedwa molakwika moseketsa ndithu. Ndinawaonetsa mau enieni pa intaneti, koma anakana kukonza ngakhale chilembo chimodzi. Mwa anyamata khumi aja atsala awiri.

Musaganize kuti masiku amenewo zonse zinali zokoma. Mu 1973 boma la Dr Banda linaika malamulo a kabvalidwe. Akazi analetsedwa kubvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo mwamuna wosunga tsitsi lalitali ngati la oimba aja ankametedwa, ngakhale mlendo wongotsika ndege kumene. Nyimbo ya Simon and Garfunkel yotchedwa "Cecilia", ya 1970, inaletsedwa pa wailesi kaamba koti dzinalo linali lofanana ndi la Mai Cecilia Kadzamira. Ndikamva agogo alikutama nthawi yao ndimawakumbutsa zimenezi, koma iwo amangoseka nati, "Sindirikutama boma ai, mdzukulu wanga. Ndirikutama miyendo yanga."

Mau amenewa ndiwo anandifikitsa paphata pa nkhaniyi. M'Chingerezi kulakalaka zakale kotere amakutcha nostalgia. Liu limeneli analipanga mu 1688 ndi Johannes Hofer, wophunzira udotolo ku Basel m'dziko la Switzerland, polumikiza mau awiri a Chigiriki, ena otanthauza kubwerera kwanu, ena ululu. Iye analikulemba za anthu okhala kutali ndi kwao amene ankadwala, kukana chakudya ndi kuonda chifukwa cha kukumbukira kumudzi, ndipo madotolo a nthawi imeneyo ankayesa imeneyi nthenda yeniyeni, makamaka pakati pa asilikari. Ife tiri nalo kale liu lake, ndilo kupukwa. Pa sukulu pano palibe amene afunika kumlongosolera za kupukwa. Kumbukirani masabata anu oyamba m'Fomu 1, mgaiwa ndi nyemba zikukanika kutsika pakhosi, misozi m'bulangete, ndi kuwerenga masiku kumbuyo kwa kope. Kusiyana kwake ndi kumeneku: ife tikapukwa tidziwa kuti teremu idzatha ndipo basi idzatinyamula. Agogo kwao kumene amapukwa ndi 1966, ndipo kulibe basi yonka kumeneko. Anzao anatha, hositelo ija inagwetsedwa, miyendo yao inalema. Chimene chatsala monga chinaliri ndi nyimbo yokha, pakuti gitala la Hank Marvin wa The Shadows likali kulira pa mbale monga linalirira tsiku loyamba.

Nchifukwa ninji amapukwa zaka zimenezo, osati zina? Akatswiri ofufuza za maganizo a munthu anapeza kuti mukapempha munthu wachikulire kuti akumbukire za moyo wake, zambiri zimene amakumbukira ndi za pamene anali ndi zaka za pakati pa 10 ndi 30. Ndi nthawi imene munthu amachita zinthu zambiri koyamba: kuchoka pakhomo pa makolo, kupeza mabwenzi odzisankhira yekha, kukonda, kulandira malipiro oyamba. Nyimbo imene inalikumveka pa nthawi yotero imakanirira ku chochitikacho monga utsi ukanirira ku malaya a munthu amene waotha moto. Ukanunkhiza malayawo umakumbukira moto. Ndiye kuti zaka zimene tirimo ife tsopano ndi zomwezo, ndipo nyimbo zimene tirikubvina m'holo Loweruka ndi zimene zidzatiimitsa pakhonde tikadzakalamba, adzukulu athu alikukuwa kuti tichotse.

Koma ndiganiza kuti wailesi inaonjezapo kanthu kena kamene foni siingathe. Pa foni nyimbo ndi kapolo wako, umaiitana pamene wafuna, ndipo ikakutopetsa umaidula pakati. Pa wailesi nyimbo ndi mlendo, imabwera pamene yafuna yokha, ndipo ikakupeza uyenera kusiya zonse ndi kuilandira, chifukwa sudziwa kuti idzabweranso liti. Ife a pa sukulu yogonera tikhoza kumvetsa zimenezi koposa anzathu ogonera kunyumba, popeza mafoni ndi oletsedwa pano, ndipo teremu yonse timakhala monga anthu a mu 1966. Ine ndinaziona ndiri m'Fomu 1. Usiku wina wa sabata yachiwiri tulo titakana, ndinatuluka panja, ndipo ndinapeza alonda athu alikuotha moto kuseri kwa khitchini, kawailesi kao kali pa njerwa. Panthawi yomweyo panayamba "Rivers of Babylon" ya Boney M., ya 1978, imene amai anga amakonda kuimba akamachapa Loweruka m'mawa. Kunyumba ndikanaidumpha osaganizako kawiri. Usiku umenewo miyendo inangouma. Alonda anandiyang'ana nati, "Khala pansi uothe moto, mwana wanga. Ikatha ukagone." Ndinadzazindikira pambuyo pake kuti mau ambiri a nyimboyo achokera m'Salimo 137, la anthu ogwidwa ukapolo amene analikupukwa kwao.

Pali chinthu chimodzi chimene sindibvomerezana nao agogo, ndi onse onena kuti kale kunali nyimbo koma lero kuli phokoso chabe. Nyimbo zakale zimene timamva pa wailesi masiku ano ndi zopetedwa kale. Chaka chirichonse kunkatuluka mbale zochuluka zedi, zambiri zosakoma ndi zongotsanzira, ndipo zinauluka ndi mphepo monga mankhusu. Zimene zatsala m'lichero ndi zimene anthu anakana kuziiwala. Nyimbo za lero tirikuzimva zisanapetedwe, maso ndi mankhusu pamodzi, tsono kuziyerekeza ndi zakale si chilungamo. Ndiponso agogo anandiululira okha kuti atate ao ankati twist ndi gule wa anthu amisala, ndipo anawaletsa kuimba likhweru la nyimbo zimenezo pakhomo.

Kuti nditsimikize ngati chimene chimawagwira ndi kukoma kwa nyimbo kapena china, ndinawayesa. Mu November 2023 kunatuluka nyimbo yatsopano ya The Beatles yotchedwa "Now and Then". John Lennon anaphedwa ndi mfuti ku New York mu 1980, ndipo George Harrison anamwalira mu 2001, koma akatswiri anatenga kaseti yakale imene Lennon anajambula kunyumba kwake, nalekanitsa mau ake ndi kulira kwa piyano pogwiritsa nchito kompyuta, ndipo awiri otsalawo, Paul McCartney ndi Ringo Starr, anaimaliza. Inafika pa nambala 1 ku Britain. Agogo anali asanaimvepo, ndipo ndinawaikira pa foni tiri pakhonde madzulo. Anamvera mwaulemu mpaka kumapeto, kenaka anati, "Mau ndi omwewo ndithu. Koma mulibe munthu m'menemo." Nditafunsa chimene atanthauza anati, "Zija ndikamamva ndimaona nkhope za anzanga. Iyi ndaimva lero lomwe, ndiri pano ndi iwe." Sindinawayankhe kanthu, koma ndidziwa kuti ine ndikadzaimva nditakula ndidzaona khonde limenelo.

Chinthu chimodzi chinatsalabe chosamveka kwa ine. Aphunzitsi athu aja anabadwa "Hey Jude" itatuluka kale, ndiye siingakhale nyimbo ya unyamata wao. Ndinapeza kuti mu 2013 akatswiri awiri a ku America, Carol Krumhansl ndi Justin Zupnick, anaikira achinyamata a zaka ngati 20 tizidutswa ta nyimbo zotchuka za kuyambira 1955 mpaka 2009. Achinyamatawo anakonda ndi kukumbukira za nthawi yao monga tingayembekezere, komanso anakhudzidwa kwambiri ndi nyimbo za zaka zimene makolo ao anali anyamata ndi atsikana, chifukwa ndi zimene zinkamveka m'nyumba iwo ali ana. Ndiye kuti munthu akhoza kulandira kupukwa kwa makolo ake monga alandirira munda.

Sabata yoyamba ya teremu ino ndinalimba mtima ndi kupita ku ofesi ya aphunzitsi kukapepesa. Ndinati, "Aphunzitsi, ine ndinali mmodzi wa okuwa aja." Anati anandiona. Atakhala chete pang'ono anandiuza kuti atate ao ankaiimba nyimboyo ndi likhweru Lamulungu liri lonse m'mawa, akamasita malaya a kuchalichi ndi simbi ya makala, ndi kuti Loweruka lija linali tsiku lokumbukira imfa yao. Anandilola kulemba zimenezi malinga ndisatchule dzina lao, ngakhale nonse mukuwadziwa.

Ndalankhula kale ndi mnyamata woika nyimbo, ndipo wabvomera kuti Loweruka lotsiriza la teremu ino adzaiika yonse, mphindi 7 ndi masekondi 11. Amene sangathe kupirira akhoza kukaima pakhonde mpaka ithe.